Jekete ya Mkono Umodzi

Ababa, takuikani dzana, dothi likadali m'zikhadabo zanga. Munkakonda kuponya mafanizo muli pa makina. Nali langa. Inu gonani, amve ndi amoyowa.

Panali munthu wina, telala wa pakhonde la sitolo. Anali ndi ana aamuna awiri. Wamng'ono analekeza Sitandade 6 n'kukhala pakhomo. Wamkulu anaphunzira kwambiri, nalembedwa ntchito m'tauni yowerengera mmene anthu amakalambira ndi kufa.

Tsiku lina wamkuluyo anabwera kudzacheza. Anatola pepala lodulira malaya, nati, "Ababa, thupi lili ngati ntchito yanuyi. Mukadula pepala potengera linzake, lina potengera lachiwirilo, sizasi imaphonya pang'onopang'ono. Pofika pepala la makumi asanu ndi awiri, kolala yakhota. Maselo a m'thupi amakoperana chomwecho. Zophonyazo zikachuluka, ndiwo ukalamba."

Telala anaseka. "Nanga kolala yangayi yafika pati, aphunzitsi?"

"Musade nkhawa. Mwa amuna chikwi a msinkhu wanu, chaka chino afa makumi anayi okha. Chiwerengerocho chimawirikiza pakatha zaka zisanu ndi zitatu. Nthawi ilipo."

Mwezi wa Juni telala anatupa miyendo. Phazi linayamba kukana kupalasa makina. Anaitana wamng'ono uja. "Muimbire mkulu wako. Ndili ndi nsalu yake ya jekete, abwere ndimuyeze maso akadaona."

Wamkulu anayankha pa foni. "Kutupa miyendo sikupha msanga. Ndawerengera bwinobwino. Ndibwera pa Khirisimasi."

Telala anatenga sizasi. Anadula nsaluyo mongokumbukira mapewa a mwana wake. Ankasoka pang'ono, n'kupuma. Anamwalira mu Ogasiti, jekete ili ndi mkono umodzi.

Inu amene mukumva, masamu aja sananame. Mwina afadi makumi anayi. Koma pepalalo silinalembe mayina awo, ndipo mwana uja anaika yekha bambo ake m'gulu la otsala, chifukwa kutero kunali kopepuka kuposa kukwera basi. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ichi ndikuchidziwa: anthu chikwi satupa miyendo, amatupa ndi mmodzi. Mmodziyo akakuitana, siya pepala, nyamuka.

Ababa, kumanda kunadzaza. Ena anavala malaya osoka inu, makolala ali chilili. Koma a Gomani, amene munawasokera suti ya ukwati usiku ndi usana, sanabwere. Alamu anga a Nachisale sanabwere. Ndipo a Yotamu, mwana wanu woyamba, sanabwere. Akuti ali kunja, ku msonkhano wa za ukalamba.

Achimwene, jekete yanu ili pa msomali. Mkono winawo mudzasoke nokha.