Mpeni wa Kamtedza ndi Nkhunzi Yotsiriza

Kalekale, pamudzi wina wa kuseri kwa mapiri, panali munthu dzina lake Kamtedza. Ntchito yake inali yofula ng'ombe. Akagwira nkhunzi, mpeni cheke, basi yasanduka mfule yokoka ngolo, zobereketsa yaiwala. Dzanja lakelo ankanyada nalo, mwina kuposa mmene ankanyadira mkazi wake Nangozo.

Ng'ombe za pamudzipo zinali za makolo, zing'onozing'ono, za linunda pamsana. Mkaka zinkatulutsa wochepa, inde. Koma chilala zinkapirira, ndipo nkhupakupa zikaziluma zinkangopukusa mchira.

Tsiku lina kunabwera nkhunzi yachilendo, yaikulu ngati nkhokwe, yopanda linunda. Anthu kukamwa yasa! Anapangana kuti mathole onse azibadwa kwa imeneyi, ndipo nkhunzi za linunda zifulidwe, zingawononge mtundu. Kamtedza ananola mpeni. Khola ili, cheke! Khola ilo, cheke! Kutsidya kwa dambo, cheke! Sanasiyeko ngakhale imodzi, munthu wosadziwa kutopa uja.

Mathole anabadwa aakuluakulu, anthu n'kumavina. Koma chaka china mvula itachuluka, nkhupakupa zinabuka ngati mchenga. Nkhunzi yachilendo ija inatupa khosi, maso ali misozi chuchuchu, kenaka khu, pansi. Ana ake anaitsatira. M'mawa yagwa ina. Masana yagwa ina. Miimba inakhuta mpaka kulephera kuuluka. M'makola munangotsala mifule ndi ng'ombe zazikazi za linunda, zambiri zitayamba kale kukalamba.

M'mawa wina Nangozo potsegula chitseko anakuwa.

"Bambo, dzukani mudzaone kuno!"

Pabwalo panali ng'ombe zazikazi za mudzi wonse. Sizinkadya. Sizinkalira. Zinangoti njo, maso onse pachitseko cha Kamtedza. Kamtedza anatuluka. Anatola chibonga n'kuzithamangitsa. Kutacha, zabweranso. Anazigenda ndi miyala. Kutacha, zabweranso, ndipo tsopano mphuno zawo zinali pakhonde.

"Kodi zikundifuna chiyani ine?" anafunsa Kamtedza.

"Mukufunsa ine?" anatero Nangozo. "Zikufuna amuna awo. Anawatha ndani? Izi zikafa ndi ukalamba, mudzi uno sudzamvanso kulira kwa thole."

Kamtedza anachita mantha, ana inu, mantha enieni. Anaona makola atamera bonongwe. Anaona adzukulu ake akukula osadziwa mkaka, akuloza manda ake n'kumati uyu ndiye anatha ng'ombe.

"Achimwene anga a Sandalamu anali nayo nkhunzi ya linunda," anatero Nangozo. "Koma ndamva kuti nawonso alandira yachilendo, ndipo za mliri wathuwu sanamve. Paja kufula munawaphunzitsa ndinu."

Kamtedza anangoti liwiro. Kwa Sandalamu kunali kutali, kudutsa mapiri. Anakwera, anatsika. Minga inamubaya, sanaime. Ludzu linamugwira, sanaime. M'njira anakumana ndi ng'ombe za linunda zikudya, n'kuwerama kuzisuzumira. Iyi mfule. Iyo mfule. Zina mabala ake anali asanapole n'komwe.

Atafika pamudzi wa mlamu wake anamva phokoso kukhola. Nkhunzi yakuda inali pansi, miyendo yomangidwa ndi zingwe, amuna ataikhalira pakhosi. Sandalamu anali chogwada, mpeni m'manja.

"Alamu, mwafika nthawi yabwino!" anafuula Sandalamu. "Yatsala ndi iyi yokha. Muone ngati ndinaphunzira bwino."

"Lekani!" anatero Kamtedza. Koma mpweya unali utamuthera, sanathe kufotokoza chifukwa chake.

Amuna aja anaseka.

"Nsanje, alamu, nsanje!" anatero Sandalamu. "Kwanu munamaliza nokha. Kuno tisiyireniko nafe."

"Lekani, ndati!"

Sandalamu anangopukusa mutu, n'kugwira pofunika kudula, mpeni n'kutsika. Kamtedza anadziponya ngati thumba, dzanja lake lamanja patsogolo.

Cheke!

Magazi anathovoka. Sanali a nkhunzi ayi. Mpeni unali wonoledwa monga mmene Kamtedza mwini ankaphunzitsira, ndipo unadula mitsempha ya dzanja lake mpaka pafupa.

"Mayo ine! Alamu, mwapenga kodi?" analira Sandalamu, mpeni utagwa pansi.

"Kwathu zachilendo zatha zonse," anatero Kamtedza ali chigonere pamimba pa nkhunziyo. "Nkhupakupa. Zatsala za linunda zokha, koma zilibe mwamuna. Imasuleni, alamu. Ndapota nanu, imasuleni."

Amuna aja anayang'anizana, kenaka anayang'ana kukhola kumene kunali nkhunzi yawo yachilendo. Palibe anasekanso. Anamasula zingwe, yakuda ija n'kudzuka, n'kudzikutumula fumbi.

Sandalamu anabwereketsa nkhunziyo, ndipo anaiperekeza yekha kudutsa mapiri, mlamu wake akutsimphina pambuyo. Chaka chotsatira kwa Kamtedza kunabadwa thole, kalinunda kake kali pamsana. Kamtedza analisisita ndi dzanja lamanzere, pakuti lamanja lija linapuwala, silinagwirenso mpeni, ngakhale khasu.

Nthano yanga yagonera pomwepa, ana inu, nkhuni nazo zatha. Chachilendo muzichilandira ndithu, koma mtundu wa kwanu musamauthe.