Sukulu ya Mkaka ya Kambuku

Kalekale, nyama zidakali ndi magetsi m'nyumba zawo, kunali Gologolo wina amene ankada nkhawa ndi chilichonse. Mvula ikagwa, nkhawa. Dzuwa likawala, nkhawa. Mwana wake Tinyade akatsokomola, nkhawa. Akapanda kutsokomola, Gologolo ankapita kukamvetsera ngati akupuma.

Chimene chinkamukhazika mtima pansi chinali kuwotcherera zitsulo. Sinali ntchito yake, ayi. Loweruka masana ankatola tizitsulo totayidwa n'kupanga mbaula, kampando, kapena kangolo koseweretsa mwana wake. Koma makina anali obwereka, ndipo tsiku lina mwini wake anawatenga. Gologolo ananyamuka, ulendo wa kusitolo ya Nadzikambe kukagula ake.

Nadzikambe anamuonetsa chimakina chofiira, chonyezimira kuti ng'aning'ani.

"Achimwene, tengani ichi musavutike. Mukapotokola apa, chiwotcherera ndi marodi, timitengo tachitsulo tosungunuka tija. Mukapotokolanso, chiwotcherera ndi waya. Mukapotokolanso, chidula chitsulo ngati nthochi. Zonse m'bokosi limodzi, chingwe chake chimodzi."

"Nanga chikawonongeka?" anafunsa Gologolo.

"Sichiwonongeka."

"Nanga chikawonongeka?"

"Mubwera nacho, tichitumiza kutauni."

"Ndiye chili kutauniko, ine ndiwotcherera ndi chiyani? Ndidula ndi chiyani? Nanga mnansi akabwereka, si ndiye wabwereka zonse? Nanga..."

Nadzikambe anayamba ali wobiriwira, kenako wachikasu, pomaliza anangotuwa mbuu chifukwa cha kutopa. Analoza pakona pamene panali timakina takale, tofumbira. Kena ka marodi, kena ka waya, kena kodulira. Gologolo anatenga tonse.

Kunyumba mkazi wake anagwira m'chiuno.

"Bambo a Tinyade, nyumba yathu ndi mphako, si galaja. Zimenezi tiziika pati?"

Ka waya anakaika pakhonde. Ka marodi anakakankhira pansi pa bedi. Kodulira kanapita kuseri kwa thumba la mtedza.

Tsono chimakina chofiira chija anachitenga ndi Kambuku. Iyeyu kuwotcherera sankakudziwa bwino. Anangomva kuti chimachita zonse, nati, "Chochita zonse chikhale changa, wina asakhale nacho."

Patapita masiku, Gologolo anamva mawu okhuthala pabwalo.

"Odi kuno! Mphwanga Gologolo, ndamva kuti dzanja lako limamvana ndi zitsulo."

Anali Kambuku. Pakamwa pankalankhula ndi Gologolo, koma maso anali pa Tinyade, amene ankakoka kangolo kake pafumbi.

"Mwanayu akukula bwino. Masayawo! Mukumudyetsa mtedza eti?" Malovu anadontha kuti tho! Kambuku anawapukuta msanga ndi mchira. "Ine ndakalamba, mphwanga, zothamangathamanga m'tchire ndasiya. Ndikutsegula sukulu ya mkaka, yaulere. Makoma achitsulo, denga lachitsulo, chitseko chachitsulo, kuti ana asasowe. Iwe undiwotcherera. Woyamba kulowa akhala Tinyade."

Gologolo anayankha mwaulemu.

"Zikomo kwambiri bwana, koma mwanayu akadali wamng'ono."

"Ang'onoang'onowo ndi amene ndimawakonda." Kambuku anatembenuka naona kamakina ka waya pakhonde. "Awa ndiwo makina ako?"

"Eya, bwana."

Phwanyu! Anakaponda ndi phazi limodzi, kamakina kanaphwatalala.

"Ugwiritsa ntchito anga. Sindifuna munthu wanga akhale ndi zida zimene ine sindikuziona. Ndipo ukathawa, fungo lako ndalisunga m'mphuno."

Pansi pa bedi sanasuzumirepo. Kuseri kwa thumba sanayang'aneko. M'mutu mwake, aliyense amakhala ndi makina amodzi monga iye.

Kambuku atachoka, mkazi wa Gologolo anabereka mwana kumsana nati, "Tithawe, bambo a Tinyade, tithawe lero lomwe!"

"Nanga akatipeza panjira? Nanga tikathawa ife, ana a anzathu atani? Nanga titakana? Nanga titavomera? Nanga..." Gologolo anazungulira m'nyumba, nanga, nanga, nanga. Kenako pa nanga wina anaima chilili. Mchira unadzuka. Anayandikira mkazi wake namunong'oneza, ndipo mayiyo anamasula mwana n'kumukhazika pansi.

Ntchito inayamba kubwalo la Kambuku. Tchiii, tchiii, moto unathetheka. Gologolo anaimika zitsulo, nalumikiza makoma, nakhoma denga, napachika chitseko. Anawotcherera ngati akumanga nyumba ya mwana wake yemwe, paliponse kubwereza. Kambuku ankagona pambali, dzanja lili pa chimakina chake, akuyasamula.

Sukulu itatha, Kambuku anati, "Katenge mwana, ayambe lero."

Gologolo anazungulira chikholacho, nkhope ili khwinya. Anagwedeza apa, nasuzumira apo.

"Bwana, mwana wanga sangalowe muno."

"Wati chiyani?"

"Taonani kudengako, mkati. Ine ndawotcherera kunja kokha. Ana ndi ochenjera, bwana. Nanga wina akakwera n'kukankha chitsulo icho? Onse atulukira pamenepo, muwasowa."

Kambuku anadzuka kuti dzambatu!

"Atuluke? Onse? Ndiye ukudikira chiyani? Lowa ukonze!"

"Ndine wamfupi, bwana. Ndikakwera, manja onse agwira chitsulo. Rodi ndiigwira ndi chiyani? Pafunika wamtali."

Kambuku anamuyang'ana, kenako anaseka mpaka mbalame zinathawa m'mitengo.

"Tinyama ting'onoting'ono inu ndimakudziwani! Ukufuna ndilowe kuti unditsekere. Chabwino, ndilowa, koma makina ndilowa nawo. Iwe utsala kunja manja ali lende. Ukakoloweka loko, ine ndipotokola apa n'kudula. Ukatero, lero ndidya bambo ndi mwana yemwe."

"Mwaganiza mozama, bwana," anatero Gologolo. "Koma valani chigoba ichi, maso angapse."

Ana inu, moto wa wowotcherera sauyang'ana ndi maso osaphimba, mwamva? N'chifukwa chake amavala chigoba cha galasi lakuda. Koma amene wavala chigobacho saona china chilichonse, amangoona moto wake wokha.

Kambuku anakokera chimakina mkati, chingwe chake chili ndondondo kuchokera pa soketi ya pakhoma la nyumba, kutali ndi khola. Anatsitsa chigoba, naimirira ndi miyendo iwiri, nayamba. Tchiii, tchiii!

Nthawi yomweyo mkazi wa Gologolo anatulukira kuseri kwa nyumba, dengu lili pamutu, nkhwani zili pamwamba. Pansi pa nkhwanizo panali kamakina ka marodi. Analumikiza chingwe chake pa soketi ina. Gologolo anakankha chitseko mwakachetechete, naika kagalasi kake kakuda kumaso.

Mkati tchiii! Kunja tchiii! Mkati tchiii! Kunja tchiii!

"Ndikutha eti?" anakuwa Kambuku ali m'chigoba.

"Mukutha kwambiri, bwana! Sunthirani kumanzere pang'ono, pali kampata."

Mkati tchiii! Kunja tchiii! Gologolo anawotcherera chitseko m'mwamba, m'munsi ndi m'mbali, mpaka chitseko ndi khoma zinakhala chinthu chimodzi.

Kambuku anavula chigoba, thukuta lili kamukamu. Anakankha chitseko. Gwa! Anakankhanso ndi phewa. Gwa!

"Iwe! Wawotcherera ndi chiyani? Makina ako ndinawaphwanya!"

"Munaphwanya a pakhonde, bwana. Awa ndi a pansi pa bedi."

"Unali ndi ena?" Kambuku anakukuta mano, koma posakhalitsa anamwetulira. "Palibe kanthu. Yamba kutsanzika."

Anapotokola chimakina chija, ndipo moto wodula unayamba kudya chitsulo cha chitseko. Chitsulo chinafiira. Chinayamba kudontha. Kambuku ankaseka, diso limodzi lili pa Gologolo.

"Mayi a Tinyade!" anafuula Gologolo. "Panopa!"

Mayiyo anagwira chingwe cha chimakina ndi manja awiri, naponda khoma, nakoka. Zulu! Chimakina chinangoti zii.

Kambuku anapotokola ku marodi. Zii. Anapotokola ku waya. Zii. Anabwerera kodulira. Zii. Anachimenya khofi, nachigwedeza, nachitukwana. Anatulutsa dzanja pakati pa zitsulo kuti afikire soketi, koma zikhadabo zinangokanda mphepo.

Mawu anasintha.

"Mphwanga. Achimwene. Bambo a Tinyade! Zija ndimangocheza. Kodi odulira mulibe?"

"Ndili nawo, bwana, ali kuseri kwa thumba la mtedza."

"Ndiye thamangani mukatenge!"

Gologolo anakanda kumutu.

"Nanga ndikadula, inu n'kutuluka? Nanga mukatuluka muli ndi njala? Nanga mukatuluka mulibe njala, koma mwakwiya? Ndiloleni ndikaganize kaye, bwana."

Mpaka lero akuganizabe.

Koma sukulu inatsegulidwa ndithu. M'mawa uliwonse ana a Mbira, a Msulu ndi a Fulu ankabwera ndi makolo awo n'kuima patali. Phunziro linali limodzi: uyu ndiye Kambuku, awa ndi mano ake, izi ndi zikhadabo zake, akakuyamikira masaya usamuyankhe. Ana ankakhoza onse. Tinyade ankaima kutsogolo, bambo ake atamugwira mchira ndi manja awiri.

Akuluakulu inu mukufuna kugula makina, musati ndanyoza chochita zonse. N'chabwino ndithu chimakina chimenecho, bola soketi ikhale mbali yanu.

Nthano yanga yazimira pomwepa. Wofuna yotsala akafunse kwa Kambuku, koma aime patali.