Maliro Amene Mpingo Unakana Kuimbira

Kalekale, matchalitchi ambiri akadali ofolera udzu, kumudzi wina kuseri kwa phiri kunali mayi wina dzina lake Jenala. Mulungu sanawapatse chuma mai Jenala, sanawapatsenso banja lokhalitsa, koma anawapatsa mawu. Pamaliro aliwonse a Mkhristu m'dera limenelo woyambitsa nyimbo anali iwowo. Bokosi likangotuluka m'nyumba ya siwa anthu onse ankayang'ana kwa iwo, ndipo akatsegula pakamwa, ngakhale amuna odziwika ndi kuuma mtima ankasowa koyang'ana. Anaperekeza makanda, anaperekeza nkhalamba, anaperekezanso anthu ena amene ali moyo sankawapatsa ngakhale moni.

Ndiye kunagwa njala. Mlongo wawo anamwalira n'kuwasiyira ana amasiye, kuwonjezera pa mwana wawo wamkazi, Velina. Ana atayamba kutupa mapazi, mai Jenala anatola masuku kuthengo, anaika mbiya pamoto, nayamba kutcheza kachasu. Ana aja anadya ndipo palibe amene anafa. Koma mpingo wawo unali ndi lamulo lakuti wotcheza kachasu adulidwe.

Amene anaulula nkhaniyo anali Gidiyoni, mwamuna wina amene kale anali wa kwaya, mowa n'kumuchotsamo. Iyeyu anafika pakhomo pa tchalitchi Lamulungu lina ali dzandidzandi, n'kumauza aliyense kuti kachasu wa mai Jenala alibe mnzake. Mwini wake ankayesa akuwatamanda, wopusayo. Akuluampingo anakhala pansi motsogozedwa ndi a Lameki, mkulu amene ankayang'anira tchalitchicho, ndipo mai Jenala anadulidwa. Mai Filesi, mtsogoleri wa bungwe la amayi, ndiwo anatumidwa kukatenga bulauzi yoyera ndi duku, zovala za bungwelo.

Njala itatha mai Jenala anaswa mbiya ija ndi manja awo, nalowa kalasi ya obwerera. Ankakhala pabenchi yakumbuyo, mutu uli wera, kudikira kuti abusa adzawalandirenso mumpingo. Abusawo ankakhala kutali kumishoni, ndipo kumudziko ankangobwera nyengo ya Mgonero. Matenda anafika msanga kuposa abusa.

Atawona kuti sadzukanso, mai Jenala anamugwira dzanja Velina.

"Mwana wanga, imfa sindikuiopa ayi. Chimene ndikuopa n'kupita chete, ngati akukataya mbuzi yofa yokha. Ukawapemphe andiimbireko. Ngakhale nyimbo imodzi yokha."

"Adzakuimbirani amayi," anatero Velina. "Ine ndikulonjeza."

Analonjeza chinthu chimene sichinali m'manja mwake. Mpingo uja unalinso ndi lamulo lina: munthu akafa ali wodulidwa, Akhristu amabwera kumaliro ngati anansi chabe. Savala zovala za mpingo, salalikira, saimba.

Mai Jenala atatsirizika, Velina anathamangira kwa a Lameki nagwada pabwalo pawo. A Lameki anali munthu woti akanena kuti ayi, ndi ayi mpaka mawa, koma sanali mwala. Pamaliro a akazi awo, amene anawayambitsira nyimbo anali mai Jenala omwewo.  A Lameki anatenga ndodo, nkhalamba yonse ija, nayenda wapansi padzuwa la Okutobala mpaka kumishoni kuti akapemphe chilolezo. Anapeza abusa atapita kukadyetsa Mgonero kudera lina lakutali, ndipo panalibe wina wokhala ndi mphamvu yomasula lamulo. Anabwerera mapazi atatupa. Nyengo yotentha chotere mtembo sudikira munthu.

"Mwana wanga," a Lameki anamuuza Velina, "lamuloli sindinaliike ndine, ndipo sindingalichotse ndine. Chaka chatha tinamuika chete Yosofati, amenenso anafa ali wodulidwa, mkazi wake akulira pamaso pangapa. Ndikalola lero chifukwa mai ako ndinkawakonda, ndikamuuza chiyani mkazi uja? Mpingo suimba."

Atanena mawu owawa amenewo analowa m'nyumba mwawo. Kudenga kwawo kunali matabwa a mlombwa amene anasunga zaka zambiri kuti adzakhale bokosi lawo iwo eni. Anawatsitsa onse, nawapereka kwa mmisiri. M'mawa mwake anthu anadabwa kuwaona atavula jekete, ali m'dzenje pamodzi ndi anyamata okumba manda, khasu lili m'manja. Anyamata anawadandaulira kuti atuluke, kuti ntchito imeneyo si ya munthu wa msinkhu wawo. Iwo anangoti, "Ndisiyeni, izi lamulo silindiletsa."

Mai Filesi anamva chigamulocho ndipo sanatsutse. Anauza amayi anzawo kuti abwere atavala zitenje wamba. Koma polowa m'nyumba ya siwa kukasambitsa mtembo, anali ndi kamtolo kukhwapa. Munali bulauzi yawo yoyera ndi duku lawo, zokhazo zimene anali nazo, pakuti masiku amenewo nsalu yoyera sinkapezeka wamba. Anatulutsa amayi ena onse, natsala ndi Velina yekha. Anawasambitsa anzawo aja mofatsa, akuwalankhula ngati akumva, kenaka anawaveka zoyerazo, n'kuwafunditsa nsalu ina pamwamba kuti pasaoneke kanthu.

"Ndine ndinawavula," ananong'ona. "Ndine ndiwavekenso. Iwe usauze munthu."

Potuluka anakumana ndi a Lameki pakhomo.

"Amayi, zonse mwachita monga tinagwirizanira?"

"Monga tinagwirizanira, bambo," anayankha mai Filesi, maso ali pansi. Limenelo linali bodza, ndipo iwo ankadziwa kuti ndi bodza. Za nyimbo zokha sanayerekeze. Velina atawayang'ana mopempha pamene bokosi linkatuluka, iwo analuma mlomo nayang'ana kumbali.

Motero ulendo wakumanda unayamba chete. Inu amene simunaonepo maliro opanda nyimbo, musawalakelake. Chimene chinkamveka ndi mapazi okha ndi kupuma kwa onyamula bokosi. Anthu onse aja, amene abale awo anaperekezedwa ndi mawu a mai Jenala, ankayenda ngati agwidwa akuba. Velina sankaliranso. Ankangoti chapansipansi, "Amayi, ndakunamizani. Amayi, ndakunamizani."

Gidiyoni anali kumbuyo kwenikweni, kumene anthu anamukankhira chifukwa cha fungo. Anali atamwa kuyambira mbandakucha, ati pofuna kulimba mtima, ngati kuti masiku ena onse ankamwera chifukwa china. Atafika pamene njira imakhotera kumanda, munthu uja anaima, anavula chipewa, nayambitsa nyimbo imene malemuwo ankaikonda koposa. Mawu ake anali osasa, ndipo mzere wachiwiri anausokoneza. A Lameki anakweza dzanja kuti aleke. Gidiyoni sanawaone, kapena anawaona koma sanasamale.

"Ine munandidula kale!" anakuwa akulira. "Mundidulanso pati? Ndine ndinawaphetsa mayi awa ndi pakamwa pangapa. Ndisiyeni ndiwaimbire!"

Nabwerezanso kuyambira poyamba. Mayi wina wachikulire analephera kupirira, nalandira nyimboyo. Analandiranso wina, kenaka amuna, kenaka onyamula bokosi omwe, mpaka phiri lonse linayankha. Mai Filesi anaimba nkhope ataiphimba ndi chitenje. A Lameki okha ndiwo anayenda mpaka kumanda pakamwa pali chitsekere, misozi ikutsikira m'ndevu. Mai Jenala analowa m'manda m'bokosi la mlombwa, atavala zoyera, akuimbiridwa.

Mukadakhala inu mukadati nkhani yatha bwino. Koma sinathe. Tsiku la msonkhano wa amayi, mai Filesi anabwera opanda bulauzi, ndipo atafunsidwa anaulula zonse. Mudzi unagawikana. Ena ankati a Lameki ndi Mfarisi wopanda chisoni, ena ankati ndiwo okha amene anaopa Mulungu tsiku limenelo. Ena ankati mai Filesi adulidwe chifukwa cha bodza, ena ankati awonjezeredwe udindo. Mkazi wa Yosofati ankayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati mwamuna wake analakwa chifukwa chosowa chidakwa chomuimbira. Velina sanapondenso pakhomo pa tchalitchi, ndipo ana amasiye aja anawaletsa kupita ku Sande sukulu.

Nyengo ya Mgonero itakwana abusa anafika panjinga yawo. Atamva zonse, anapita kwa Velina, namupeza pakhonde akusenda chinangwa. Anamupepesa, anapemphera naye, kenaka anamupempha kuti abwerere kumpingo pamodzi ndi anawo.

Velina anaika mpeni pansi.

"Abusa, ndibwerera mukandiyankha chinthu chimodzi. Anthu atatu anawaperekeza amayi. A Lameki anasunga lamulo lanu, anapereka bokosi lawo ndi thukuta lawo, koma chimene amayi anapempha anawamana. Mai Filesi anawabwezera ulemu wawo, koma mobisa ndiponso ndi bodza. A Gidiyoni anawapatsa chimene anapempha, koma anali ataledzera, ndiponso ndi iwo omwewo anawadulitsa. Ndiuzeni amene anachita chimene Mulungu wanu amafuna. Ndikufuna ndidziwe Mulungu amene ndikawagwaditse ana awa pamaso pake."

"Mwana wanga," anatero abusa, "aliyense anachita mbali yake."

"Ayi abusa, musandinyengerere ngati mwana. Ngati a Lameki anakhoza, ndiye kuti nyimbo ija inali tchimo, ndipo amayi anapita ndi tchimo la mudzi wonse. Ngati a Gidiyoni anakhoza, ndiye kuti mpingo wanu unaphunzitsidwa Chikhristu ndi munthu wonunkha kachasu, ndipo a Yosofati munawalakwira. Ngati ndi mai Filesi, mukanene paguwa kuti chikondi m'tchalitchi mwanu chiziyenda mozemba. Tchulani mmodzi."

Abusa aja anali munthu wophunzira, wodziwa kuyankha mafunso a pakalasi asanathe kufunsidwa. Tsiku limenelo anakhala pamkeka, chipewa chili pabondo. Ankadziwa kuti akatchula a Lameki, mtsikanayo ndi ana aja sadzawaonanso. Akatchula Gidiyoni, lamulo la mpingo lithera pomwepo. Akatchula mai Filesi, adalitsa bodza. Ndipo akapanda kutchula aliyense, Velina atolanso mpeni wake n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Ine ndawasiya pakhonde pomwepo abusawo, Velina akuwayang'ana m'maso, ana akusuzumira pakhomo. Tsono inu amene mumakhala m'mabenchi Lamulungu lililonse, inu amene tsiku lina mudzafunanso wokuimbirani, athandizeni abusa. Mwa a Lameki, mai Filesi ndi Gidiyoni, ndani anawaperekeza mai Jenala monga Mulungu afunira?