Chibwano cha Meja Kamtedza

Chilape! Ndi tambala uti sadziwa anapiye ake?

Kukampu ina ya asilikali, Meja Kamtedza anauza Kopolo Chigaru kuti: "Chibwano chotambalala ngati changachi ndicho chimabweretsa maudindo ndi ana. Chako chosongokacho sichingabereke. Mawa undionetse ana asanu, apo ayi utuluke m'nyumba yaikuluyi."

Chigaru analibe mwana. M'mawa anakanyengerera ndi mandasi ana asanu a Meja yemweyo, n'kuwandandika pakhonde pake.

Meja anafika, asilikali ali pambuyo, nawayang'ana anawo mmodzimmodzi.

"Ndi akodi. Taonani tizibwano tawo, ngati mbewa! Nyumbayo khala nayo."

"Zikomo bwana," anatero Chigaru.

Kamtsikana kamodzi kanakoka malaya a Meja.

"Ababa, ndiye lero tigona kuno kapena kwathu?"