Apongozi a M'phanga

Kalekale, agogo a agogo athu asanabadwe, anthu a mtundu wathu ankakhala m'mphepete mwa dambo la Msambankhunda, kuseri kwa phiri la Chikhwekhwe, ndipo chuma chawo chonse chinali ng'ombe. Malume anga a Lufeyo, amene anandisimbira mbiri iyi, ankati ng'ombezo zikamatuluka m'makola mmawa, fumbi lake linkaphimba dzuwa, ndipo mwana wa kumeneko ankadziwa kukoma kwa chambiko asanamere mano. Ha, masiku amenewo! Ine sindinawaone, koma ndimawasowa ngati ndinalipo.

Pakati pa anthuwo panali mayi wina dzina lake Nanzunga, mwana wa Nzunga wosula mikondo. Nanzunga anabala Nangozo, Nangozo anabala Mwatitha, ndipo Mwatitha ndiye anabala agogo ake a malume Lufeyo. Nangozo anakwatiwa ndi Kachingwe, mnyamata wa mudzi woyandikana nawo, amene anabwera kudzamanga nyumba kuchikamwini monga mwa mwambo.

Ana a lero sadziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankapewana bwanji. Sankayang'anizana kumaso, sankadyera pamodzi, ndipo mkamwini sankalowa m'nyumba mmene muli apongozi. Nanzunga anali ndi kachizolowezi kake: akamuona Kachingwe akubwera m'njira, ankatsokomola kaye, kutsokomola kouma, kwapansipansi, kuti mkamwiniyo apatukire patchire, agwade chofulatira mpaka iwo atadutsa. Komabe anthu awiriwa ankakondana kwambiri. Chaka china Kachingwe atadwala nthomba, anthu onse akumuthawa, Nanzunga ndiye ankamusiyira phala pakhomo tsiku ndi tsiku mpaka anachira.

Nanzunga atamwalira, abale ake anachita monga ankachitira makolo athu akafuna kuti mzimu wa munthu ukhale pafupi. Anasankha thole lalikazi, lofiira, la mphumi yoyera, nalithira mowa pamsana, akutchula dzina la malemuyo. Tholelo linadzigwedeza, kusonyeza kuti mzimu wavomera. Kuyambira tsiku limenelo ng'ombeyo inkatchedwa Nanzunga, ndipo panalibe woikwapula, woitukwana kapena woipha.

Patapita zaka zochepa kunagwa mliri wa ng'ombe umene dziko linali lisanauonepo. Ng'ombe inkayamba kukha misozi, dovu lili chuchuchu kukamwa, kenaka n'kugona pansi osadzukanso. Njati ndi nguluwe zinkafa m'tchire, miimba inakhuta mpaka kulephera kuuluka, ndipo dambo lonse linanunkha kotero kuti madzi ake sankamwekanso. Anthu anagwirizana zosamukira kutsidya kwa mtsinje wa Namilulu, kumene eni dziko anawalola kudzakhala, koma eni dzikowo anaika lamulo limodzi: chiboda cha ng'ombe chisaoloke mtsinje, ndipo amene asunge ng'ombe, ngakhale imodzi yokha, asaoloke nayenso, kuopa kuti angabwere ndi matenda m'zovala.

Amuna anakhala pabwalo, nagamula kuti ng'ombe zotsalazo ziphedwe ndipo makola atenthedwe. Ntchito yowawayo inagwera Kachingwe ndi mkulu wake Mtukuso, chifukwa manja awo anali odziwa mkondo. Anayenda khola ndi khola, eni ng'ombe akulira ngati pamaliro, koma atafika pakhola la kwa Nangozo anapeza chipata chili pululu, mapazi a ng'ombe ndi a munthu wamkazi atalunjika kuphiri.

Analondola mapaziwo mpaka paphanga lalikulu la pakati pa phiri la Chikhwekhwe. Pakhomo pa phangalo anapeza Nangozo atakhala pansi, miyendo atatambasula, Mwatitha ali kumsana. Mayiyo sanalire kapena kupempha. Anangoyang'ana mkondo uli m'manja mwa mwamuna wake.

"Bambo a Mwatitha," anatero, "kodi lero mwabwera kudzaona apongozi anu ndi mkondo? Ali m'katimu. Lowani."

Kachingwe anaima chilili. Mtukuso anaseka.

"Mlamu, musatichedwetse. Ng'ombe ndi ng'ombe basi. Iwe Kachingwe, anthu amanga kale akatundu, amayi athu akutidikira kumtsinje. Lowa umalize ntchito."

Pamenepo m'phangamo munamveka kutsokomola. Sikunali kulira kwa ng'ombe ayi, kunali kutsokomola kouma, kwapansipansi, kwa munthu wachikulire. Mtukuso anati, "Wamva? Yadwala kale imeneyo." Koma Kachingwe anakudziwa kutsokomolako, pakuti anali atakumva m'njira zaka zambiri. Miyendo yake inachita zimene inazolowera: anapatuka, nagwada pathanthwe chofulatira phangalo, mkondo n'kuuika pansi.

"Ngati iwe wagwidwa manyazi, ndipatse ndilowe ine," anatero Mtukuso.

"Achimwene," anayankha Kachingwe, maso ali pansi, "apongozi anga ndi apongozi anunso. Pamene ndinkawola ndi nthomba, inu munkandilankhula muli kutali, iwowa ndiwo ankandipatsa phala. Lowani ngati nkhope yanu ilibe manyazi, koma mudzere pamsana panga."

Mtukuso anaponda kamodzi kulowera kuphangako, kutsokomola kuja n'kumvekanso. Mwamuna wamkuluyo, amene anali atapha ng'ombe zosawerengeka tsiku lomwelo, anaphimba nkhope yake ndi dzanja.

"Ukudziwa lamulo," anatero ndi mawu otsika. "Ukatsala ndi ng'ombeyi, suoloka. Amayi ndikawauze chiyani?"

Misozi ya Kachingwe inadontha pathanthwepo. Kenaka anati, "Mukawauze kuti mwana wawo anamulera bwino."

Anthu anaoloka Namilulu, patapita nthawi napitirira mpaka kudziko lakutali, ndipo Kachingwe sanaonanenso ndi mayi ake kapena mkulu wake mpaka imfa. Abale inu, chimenechi chimandiwawa nthawi zonse ndikachiganiza. Anthu amatamanda Nangozo chifukwa cha nzeru zake, ndipo n'zoona anali mayi wochenjera, koma amene analipira ng'ombe imeneyo ndi mtima wake anali mkamwini, munthu amene pamudzi ankangomuyesa mlendo.

Banjalo linatsala lokha paphiripo pamodzi ndi ang'ono ake awiri a Nangozo amene anakana kusiya mkulu wawo. Ng'ombe ija siinadwale. M'phangamo munatumphuka kasupe amene kale kunalibe, ndipo inkamwa pomwepo mpaka fungo la kudambo linatha. Mvula yotsatira itagwa, Nanzunga anabala thole lamphongo, ngakhale kuti m'dziko lonselo munalibe nkhunzi yamoyo. Mphunzitsi wina anandiuza kuti mwina ng'ombeyo inali ndi bere kale. Munthu wobadwira m'tauni, amene sanagwirepo ndi mchira wa mbuzi womwe, akandiphunzitse ine miyezi ya bere la ng'ombe?

Tsono panabuka vuto limene palibe analiganizira. Mwamuna paphiripo anali Kachingwe yekha, ndiye anayenera kupita nayo ng'ombeyo kubusa, chifukwa afisi ndi akambuku anali olusa ndi njala. Koma mbusa amayenda kumbuyo kwa ng'ombe, ndodo ili m'manja, maso ali pa izo. Nanga mkamwini angakuse apongozi ake ndi ndodo? Angawayang'ane kumbuyo akuyenda? Kachingwe anataya ndodo. Mmawa ankaima pachipata chofulatira, nanena kuti, "Tiyeni, amayi," iye n'kutsogola, ng'ombe n'kumamutsata pambuyo. Anaiweta choncho mpaka inakalamba n'kufa yokha, ndipo akuluakulu amanenetsa kuti pa zaka zonsezo sanaione kumaso ngakhale kamodzi. Mphumi yoyera ija ankangoimvera kwa mkazi wake.

Mathole ake anaphunzira kwa mayi wawo, ndipo ana a Kachingwe anaphunzira kwa bambo wawo. Kuchokera mwa ng'ombe imodziyo makola anadzazanso, ndipo kuchokera mwa Nangozo ndi ang'ono ake munatuluka midzi yonse ya m'tsinde mwa Chikhwekhwe. Ndili mwana, alendo ankaima m'njira kudabwa poona mbusa wa kwathu akuyenda patsogolo manja ali kumbuyo, ng'ombe zili pamzere pambuyo pake, popanda mkwapulo kapena likhweru.

Lero dambo lija analigawana madimba a tomato ndi kabichi, ndipo ng'ombe zambiri zinagulitsidwa, zina zinapita ndi akuba. Phanga lilipo, anthu amalitcha Phanga la Apongozi, ndipo pathanthwe la pakhomo pake pali maenje awiri a mawondo a munthu, oloza kunja. Mwa mbumba yonse ya Nangozo, watsala ndi khola ndi msuweni wanga Filimoni yekha, ndipo ana ake onse ali ku Lilongwe. Chaka chatha ndinamupeza akutsika ndi ziweto kumadzi, wakalamba, akutsimphina, ng'ombe zake zowerengeka zikumudikira akapuma. Ndinamufunsa kuti akadzapita iye, adzazitsogolera ndani. Anangotembenukira kunjira, nanena chapansipansi, "Tiyeni, amayi," ndipo zinamutsata.