Jekete ya Agogo M'kabati ya Galasi

Pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wosoka nsapato panali shopu ya mmisiri wina wodula magalasi. Ntchito yake ankaidziwa, pamenepo tisamudyere miseche. Akalemba mzere pagalasi ndi kachitsulo kake n'kugogoda kamodzi, galasi linkapatukana bwinobwino osasiya ndi kachibenthu komwe. Chilema chake chinali m'makutu. Ukayamba kumuuza kanthu, usanafike n'pakati pomwe, iye wayankha kale kuti zimenezo akuzidziwa. Anzake a pamsewupo anangomutcha Aphunzitsi, ngakhale choko sanachigwirepo, ndipo iye ankavomera dzinalo mosangalala poyesa kuti ndi ulemu.

Maso a mayi ake atachita khungu, mmisiriyo anakawatenga kuti azikhala nawo kwake. Katundu wawo anali wochepa, koma panali bokosi lina lachitsulo limene sanalole kuti likwere pamwamba pa galimoto. Analifungatira pamiyendo ulendo wonse. M'bokosimo munali yunifolomu ya usilikali ya bambo awo, agogo a mmisiriyo: jekete yokhuthala yaubweya ya mabatani amkuwa, lamba wachikopa, chipewa ndi mamendulo awiri. Mkono wamanja wa jeketeyo unali wopindidwa n'kumangidwa ndi pini, chifukwa mwini wake anabwerako kunkhondo dzanja limenelo litatsala komweko. Agogowo anamwalira mayi a mmisiriyo akadali kamtsikana, ndipo sanasiye chithunzi.

Mayiwo anali ndi kasungidwe kawo. Kukacha kopanda mitambo ankaitulutsa jekete ija, kuiyanika pamthunzi, kuikutumula, kuipesa ndi kabulashi ndi kutembenuza matumba kuti apitidwe mphepo. Akamaliza ankapisa dzanja m'thumba lakumanja n'kulisiya momwemo kwa kanthawi. Ali mwana, ana anzawo ankayenda atagwira dzanja la bambo awo, koma iwo ankayenda atapisa dzanja m'thumba limenelo, pakuti mbali imeneyo kunalibe dzanja loti agwire. Maso atatha, thumbalo ndi limene linatsala lowakumbutsa kuti nawonso anali ndi bambo.

Tsiku lina anamuitana mwana wawoyo n'kumuuza kuti popeza iye ndiye woyamba kubadwa, yunifolomuyo ndi yake tsopano.

"Koma uziitulutsa, mwanangu," anatero mayiwo. "Chovala chimafuna mphepo. Ukachitsekera chimadwala."

"Zimenezo ndikuzidziwa, amayi."

Sipanapite nthawi, mng'ono wake anabwera kudzacheza. Anavala jekete ija mwanthabwala kuti adzijambule, ndipo poivula batani limodzi linathothoka. Mkazi wa mmisiriyo analisokerera tsiku lomwelo, nkhani n'kutha. Koma mumtima mwa Aphunzitsi sinathe. Analumbira kuti chuma cha banja sichidzagwidwanso ndi manja a wina aliyense, ndipo anayamba kupanga kabati.

Kunena zoona, kabatiyo inali yokongola. Mafelemu anali a thabwa lolimba lopakidwa vanishi, kumbuyo kunali nsalu yofiira, ndipo galasi linali lokhuthala, loyera mbee. Inali nyengo yamvula. Iye anaipukuta jekete ija ndi kansalu konyowa, naisita kuti makwinya athe, n'kuikoleka m'kabatimo madzulo omwewo ikadali yofunda. Kenako anamata m'mphepete monse ndi guluu wamphamvu, uja amamatira magalasi osungiramo nsomba. Mkazi wake anaizungulira kabatiyo, nayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti chitseko chili kuti.

"Chitseko n'cha fumbi ndi anthu a manja oyabwa," anayankha mwamunayo. "Mmene ndamatiramu, zidzukulu za zidzukulu zathu zidzaipeza ili chonchi."

Mkaziyo anamukumbutsa mawu a apongozi ake aja, koma anali ngati akuthira madzi pamsana pa bakha. Kabati inakhomedwa pabalaza, pakhoma loyang'anana ndi zenera, khoma lomwe mvula inkawomba kunja kwake.

Atawatsogolera mayi ake kuti adzaone ntchito yake, iwo anatambasula dzanja monga mwa masiku onse, ndipo zala zawo zinagunda galasi. Anapapasa m'mwamba, anapapasa m'mbali, kufunafuna pogwira.

"Ndiye bambo anga ali kuseri kwa chimenechi?"

"Eya, amayi. Akuoneka bwino kwambiri."

"Kwa amene ali ndi maso," anatero mayiwo motsitsa mawu, n'kupempha kuti awabwezere kuchipinda.

Mawuwo anamulasa, koma sanachedwe kupola, chifukwa alendo anayamba kuyamikira. Aliyense wolowa pabalazapo ankaima kukamwa kuli yasa. Ena anayamba kumupatsa ntchito yowapangira makabati otero, oikamo zikho za mpira ndi madiresi a ukwati. Iye ankabwera ndi makasitomala kunyumba, n'kumafotokoza za nkhondo imene sanaione ngati kuti mfuti ankanyamula ndi iyeyo. Uku mayi ake ali kuchipinda, akumva zonse, manja ali pamiyendo. Kutamidwa kumaledzeretsa kuposa mowa, ndipo woledzera nako sadzandira kuti anthu amuzindikire.

Zizindikiro zinayamba pang'onopang'ono. Dzuwa likawomba pazenera, galasi linkachita thukuta. Mkazi wake analipukuta, n'kupeza kuti thukutalo lili mkati. Mwamunayo anati liuma lokha. Kenako pakolala panatuluka timadontho toyera ta nkhungu, iye n'kunena kuti ndi kuwala chabe. Pambuyo pake pansi pa kabatiyo panayamba kuunjikana kafumbi konga utuchi, ndipo tsiku lina mkaziyo anaona njenjete ikuuluka mkatimo. Anamukokera mwamuna wake pomwepo kuti adzionere yekha. Iye anaiyang'ana, naiona ndithu, koma pakamwa panatuluka zina. Anati kachilombo kopanda mpweya sikakhalitsa. Ndipo sananame, njenjete ija inafadi. Chimene sanafune kuganiza n'chakuti inali itasiya ana.

Nyengo yozizira itafika, mayi aja anadwala chifuwa n'kugona. Anayamba kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti awabweretsere jekete apiseko dzanja. Mmisiriyo ankayankha kuti mawa. Ankadziwa kuti kutsegula kabatiyo n'kuiswa, ndipo kuiswa n'kuvomera pamaso pa mkazi wake, mng'ono wake ndi makasitomala onse kuti analakwitsa. Ankaopanso chimene akachipeze mkatimo. Choncho mawa linabala mawa linzake, iye n'kumalawirira kushopu kuti asamve pempholo.

Tsiku lina masana mkazi wake anamulondola kushopu komweko. Sanakhale pansi, ndipo moni sanapereke.

"Bambo, amayi asiya kudya. Chimene akutchula ndi thumba basi. Ngati simutsegula lero, ndikaswa ndekha ndi mwala."

Anatenga zida zake n'kutsatira mkazi wake. Atafika anayesa kulowetsa mpeni m'mphepete mwa galasi, koma guluu uja anali atagwira monga mmene iye mwini anafunira. Luso lake lomwe ndi limene linamutsekera kunja. Pamapeto pake anatenga kachitsulo kake kodulira, nalemba mzere pagalasi lokongola lija, n'kugogoda. Fungo la chinyontho linadzaza pabalaza ponse.

Atagwira jekete kuti aichotse, mapewa anatsalira pa hang'ala. Kutsogolo, kumene anthu ankaona, nsalu inali itangochita mbuu ndi dzuwa, koma kumsana ndi mkati njenjete zinali zitadya mpaka kusiya ulusi wokhawokha. Lamba anali atamera nkhungu. Mabatani anayoyokera pansi n'kugubuduzika pasimenti. Munthu wamkulu uja anagwada n'kuyamba kuwatola, misozi ikugwera pamanja. Mkazi wake sananene kuti ndinakuuzani. Anangobweretsa nsalu yoyera, ndipo awiriwo anayalapo zimene zinatsala n'kuzinyamula mosamala kupita nazo kuchipinda.

Mayiwo atamva kulemera kwa chinthu pamiyendo pawo, nkhope yawo inawala. Zala zawo zinayenda pakolala, zinapeza pini ya mkono wopindidwa uja, n'kutsikira kumanja, kumene zinazolowera. Dzanja linalowa m'thumba, ndipo linatulukira kunsi. Anayesanso kachiwiri. Zala zinatulukiranso panja, zikugwira mphepo.

"Amayi, ndalakwa," anatero mmisiriyo. Mawu amenewa anali asanatulukepo pakamwa pake chibadwire. "Munandiuza, ine sindinamve."

Mayiwo sanakalipe. Anatulutsa dzanja lawo pang'onopang'ono kuti asang'ambe potsalapo, n'kulitambasulira kumene kunkachokera mawu ake.

"Bwera nalo lako," anatero. "Iwe uli nawo awiri."

Anagwira dzanja la mwana wawo mpaka anagona tulo. Patangopita masiku ochepa anatsikira kuli chete.

Mabatani ndi mamendulo aja alipo mpaka lero. Mmisiriyo amawasunga m'bokosi lachitsulo lija la mayi ake, ndipo mwana aliyense wa m'banjamo akafuna kuwagwira amamutsegulira. Makabati akupangabe, koma iliyonse imakhala ndi chitseko ndi timabowo ta mphepo kumbuyo. Kasitomala akayamba kulankhula, iye amaika zida pansi n'kumvetsera mpaka amalize. Koma thumba lija silidzasokekanso, ndipo amene ankalifuna anapita asanalipeze. Pakhoma la pabalaza patsala zibowo za misomali, ndipo mlendo akafunsa chimene chinali pamenepo, mmisiriyo amayankha yekha ndi mawu amene akuluakulu anatisiyira: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.