Ndevu za a Kamwendo ndi Mbaula ya Gasi

"Ndati chinthu chanuchi chikununkha!"

"Ndi zitosi za anapiye zimenezo. Mphuno yakoyo yayamba liti kudziwa za gasi?"

"Zitosi ndimakolopa ndine tsiku ndi tsiku, fungo lake ndimalidziwa. Ili ndi lina."

Mawu amenewa ndinawamva ndili m'nyumba mwanga, ndikumuveka chipewa mwana wanga Yankho, m'mawa wina wa mwezi wa Juni ku Dedza. Musaganize kuti ndinkatchera khutu dala, ana inu. Tinkakhala nyumba za mdadada, ndipo khoma lotilekanitsa ndi a Kamwendo linali la njerwa imodzi, losafika ndi kudenga komwe. Iwo akayetsemula, ife tinkadzidzimuka.

A Kamwendo anali bambo wa ndevu. Osati ndevu wamba, koma zakuda bii, zofika pachifuwa, zopesedwa m'mawa uliwonse ndi chipeso chakechake chimene akazi awo, Nachisale, sankaloledwa kuchikhudza. Chaka chimenecho bambowa anayamba kuweta nkhuku. Anapiye anawaika m'chipinda chogundana ndi chathu, ndipo poti chisanu cha ku Dedza sichimvera chisoni mwanapiye, anakabwereka mbaula ya gasi kwa alamu awo. Kanali kachitofu konyamula ndi dzanja limodzi, kolumikizidwa ndi paipi ku silinda yaing'ono.

Ine ndi bambowa sitinkayankhulana. Nkhani yake inali ya chingwe. Tsiku lina ndinapeza matewera a Yankho ali m'fumbi, pachingwe changa atayanikapo masaka a nkhuku. Ndinayankhula mawu ambiri, ena oti sindingawalembe pano. Iwo anati, "Mayi inu, kuyambira lero za pakhomo panga zisakukhudzeni." Ine ndinati zikomo, zanganso chimodzimodzi. Inatha miyezi iwiri tikudutsana ngati anthu a pa depoti.

Kuseri kwa khoma mkangano unkapitirira.

"Bambo a Lonjezo, tiitane munthu wodziwa," anatero Nachisale.

"Wodziwa ndine. Njinga ndimakonza ndekha. Wailesi ija ndinakonza ndekha."

"Chikonzereni inayankhulaponso?"

"Tandipatsa mphira uyo, usandisokose."

Kwathu kuno chinthu chikathyoka timathamangira chubu chakutha cha njinga, n'kuchilenga, n'kumanga. Mpini timamanga ndi mphira, ndowa ndi mphira, nsapato ndi mphira. Ndinawamva akukoka, akukulunga, akupuma mwamphamvu. Kenako anati, "Basi, zatheka." Nachisale anati, "Chikununkhabe."

Nthawi imeneyo fungo linali litadumpha khoma n'kundipeza. Linali ngati la kabichi wovunda, ndipo ndinalizindikira pomwepo. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma ndisanakwatiwe ndinatsukako mbale zaka ziwiri mu lesitilanti ina ku Lilongwe. Mayi amene ankaphika mmenemo anandiphunzitsa zinthu zitatu, chala chili m'mwamba: gasi akanunkha tseka silinda, tsegula zitseko, ndipo moto usayandikire, ngakhale wa ndudu.

Ndinaima pakati pa nyumba, mwana ali m'manja. Mtima wina unkati pita ukawauze. Wina unkati anakuuza okha kuti zisakukhudze, ukapita akakuyesa kazitape wa pakhoma. Ndikanaimabe mpaka dzuwa kutentha ndikanapanda kumva a Kamwendo akunena kuti:

"Bweretsa machesi. Ndiyendetse moto m'mbali mwa paipimu, pamene pakutuluka mpweya payaka pang'ono, tidziwa pomanga."

Miyendo inaganiza yokha. Ndinatuluka, ndinamukhazika Yankho patali pansi pa mtengo wa mapichesi, ndinavuula chitenje chimene ndinanyika m'beseni, n'kuthamangira khomo la a Kamwendo madzi akuchucha. Odi sindinanene. Ndikukankha chitseko, ndinangomva kuti phuu!

Moto unali utalumpha pa paipi ngati lilime la ng'ombe, n'kunyambita a Kamwendo pachibwano poti anali atawerama. Ndevu zija zinkayaka ngati udzu wa m'chilimwe. Bambo aja ankadziomba kumaso, Nachisale ali manja kumutu, "Mayo ine! Mayo ine!" Anapiye anaunjikana pangodya akulira.

Ndinawaphimba nkhope yonse ndi chitenje chonyowa chija, n'kukanikiza. Kenako ndinagwada, n'kupotokola pamutu pa silinda mpaka pothera. Lilime lija linafupika, linafupika, n'kuzima.

"Tsegulani windo, amake Lonjezo! Chitsekocho chisiyeni chomwecho!" ndinakuwa.

M'nyumba munatsala fungo la nkhuku yowaula. A Kamwendo anachotsa chitenje pang'onopang'ono. Khungu linangofiira pang'ono patsaya, koma ndevu za mbali imodzi kunalibe. Mbali inayo zinalipo zonse, zopesedwa bwinobwino. Nachisale anawayang'ana, ndipo sindinadziwe ngati akufuna kulira kapena kuseka.

Titaona kuti fungo latha, tinatulutsa mbaula ndi silinda panja. Ndinamutenga Yankho n'kumubereka, ndinasungunula sopo m'kambale mpaka thovu, n'kumasula mphira yense amene anakulunga uja.

"Bambo, chubu cha njinga chikabooka mumapeza bwanji pobooka?" ndinawafunsa.

"Timachiviika m'madzi. Pamene pakutuluka thovu ndi pomwepo."

"Nanga izi mwayesera machesi bwanji?"

Anafuna kugwira ndevu monga mwa chizolowezi chawo, dzanja linangogwira mphepo.

Ndinapaka thovu paipi yonse, ndinatsegula silinda pang'ono, tonse atatu n'kuwerama. Pafupi ndi pamene paipi imalowa ku mbaula, thovu linayamba kufufuma ngati kukhosi kwa chule. Paipi inali itang'aluka pamenepo chifukwa cha kukalamba, moto uja n'kuwonjezera. Ndinatsekanso. A Kamwendo anadula ndi mpeni mbali yonse yowonongekayo, analowetsa paipi bwinobwino, n'kumanga kachitsulo kake kozungulira mpaka kuthina. Manja okonza anali nawo ndithu, chimene chinkasowa ndi khutu. Tinapakanso sopo. Thovu linangokhala phee.

"Lero itenthetse anapiye mwakutero, windo lili lotsegula," ndinatero. "Koma mawa paipi yonseyi mukasinthe. Yakalamba."

"Mawa m'mamawa," anayankha Nachisale, amuna awo asanatsegule pakamwa.

A Kamwendo anakhala pa njerwa, akazi awo n'kuyamba kuwadula ndevu zotsalazo ndi sizasi. Zinkagwera pansi ngati ubweya wa nkhosa. Patapita nthawi bambo aja anakweza maso.

"Aneba, paja ndinati za pakhomo panga zisakukhudzeni."

"Munatero."

"Zikomo posandimvera." Analoza nyumba zathu. "Mdadada wonsewu ukanapsa. Ndi mwana wanuyo. Za chingwe zija, ndinalakwa ndine."

"Nanenso pakamwa panathamanga," ndinatero.

Nachisale anakutumula chitenje chake nati, "Mwaonatu bambo. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako."

Ndinaseka. "Ine ndevu ndizitenga kuti, mayi?"

"Aliyense ali nazo zake, amake Yankho. Dikirani muone."

Sananame. Mvula yoyamba ya chaka chomwecho inabwera ndi chimphepo, amuna anga ali kutali ku ntchito. Lata limodzi la denga langa linasasuka, madzi n'kumathira pamphasa pa mwana. Ndisanaitane munthu, ndinamva mapazi padenga. Anali a Kamwendo, mvula ikuwakwapula pachibwano chosalala, akukokera lata lija m'malo mwake. Ndipo analimanga ndi chiyani? Ndi mphira. Ulendo umenewo mphirawo unagwira.

Aphunzitsi anu mwina adzakuuzani kuti mwambi umenewu ndi wakalekale. Ine sinditsutsana ndi anthu ophunzira. Koma kwathu ku mdadada timati unabadwa m'mawa umenewo, poti ndevu zake tinaziona ndi maso. Tanthauzo lake ndi ili: mnzako akagwa m'vuto, mthandize msanga, usayambe wawerenga zimene anakulakwira. Ndevu zikamayaka mwini wake saona bwino, utsi uli m'maso, ndiye amene ali pambali ndi amene angazime. Ndipo moto sudziwa kuti khoma ili ndi la yani. Lero wayaka kwa mnzako, mawa uli kwako, ndipo amene adzathamange ndi chitenje chonyowa ndi yemwe uja unamuzimira. Ine mpaka lero ndimathokoza mayi wa ku lesitilanti uja, ndimathokozanso khoma lathu losafika kudenga, limene kale ndinkalitukwana.

Tsiku la moto lija, nditabwerera m'nyumba mwanga, ndinamva mbale zikugundana kuseri. Mbatata ya kachewere imene Nachisale anaphika m'mamawa inali ikudikirabe. Mpando unakokedwa, madzi osamba m'manja anathiridwa.

"Tiyiyu wazizira," anatero a Kamwendo.

"Imwani choncho, bambo. Moto mwaotha wokwanira lero."

Onse awiri anaphulika kuseka.

Kenako a Kamwendo anati, "Sendera kuno tidye, mayi. Ndipo mbatata zikuluzikuluzo upatule, ukawapatse aneba."